Kagalu kolira usiku: kagone kuti, ndipo adzuke ndani?

Munthu amene watenga kagalu koyamba amazindikira kukula kwa ntchito imene wadzipatsa pa usiku woyamba. Masana kamakhala kosangalatsa, ana akukanyamula mopokezana, koma nyali zikangozimitsidwa kamayamba kulira kosalekeza kumene kumadutsa khoma mpaka kwa aneba, ndipo m'malo monga Area 25, Kawale kapena Chinsapo, kumene nyumba zinayandikana kwambiri, nkhani ya kagalu kanu imakhala itafika pakhomo lililonse kusanache. Ndalera agalu kuno ku Lilongwe kwa zaka zingapo, ndaonanso abale ndi anansi akuyesa njira zosiyanasiyana, ndiye ndikufuna kuziyerekeza njirazo moona mtima, pamodzi ndi zovuta za imene ine ndimaikonda.

Njira iliyonse iyenera kuyesedwa poona chimene chikuliza kagaluko. Chibadwire, kanyamaka sikanagonepo kokha: kamagona kataunjikana ndi abale ake, kakumva kutentha kwa make ndi fungo lake, ndipo kakapezeka kokha mumdima chilengedwe chimakauza kuti kasochera, kayenera kuitana mpaka wina abwere. Kulira kumeneku si mwano, komanso si malodza monga ena amanenera akamva galu akulira usiku. Kuwonjezera pa kusungulumwa pali kuzizidwa, pakuti thupi laling'ono limataya kutentha msanga; pali njala kapena kupweteka kwa m'mimba; ndipo pali chikhodzodzo, chimene n'chaching'ono moti ngakhale kagalu kofatsa chotani sikangasunge mkodzo usiku wonse. Olera agalu amawerengera mongoyerekeza kuti kagalu kamapirira ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, n'kuwonjezapo ola lina limodzi: ka miyezi iwiri maola atatu, ka miyezi itatu maola anayi. Kakakhala m'tulo kamapitirirako pang'ono, koma tiagalu tambiri timayamba kugona maola 6 kapena 7 osadzuka tikafika masabata pafupifupi 16. Choncho palibe njira imene ingagoneke kagalu ka masabata 8 mpaka m'mawa. Chimene tikusankha ndi mmene tidutsire miyezi iwiri yapakatiyi popanda kukazunza, popanda kudana ndi aneba, ndiponso popanda kukazoloweza makhalidwe amene tidzavutike nawo kutsogolo.

Msinkhu umene kagalu kachokera kwa make umalamula zambiri. Madokotala a ziweto amalangiza kuti kasachotsedwe kasanakwanitse masabata 8, koma tiagalu timene timagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya mumzinda uno, wogulitsa atatinyamula m'manja padzuwa n'kumationetsa kwa oyenda pagalimoto, kawirikawiri timakhala tisanafike msinkhu umenewo. Bungwe la LSPCA, limene limasamalira nyama kuno ku Lilongwe, lakhala likuchenjeza anthu za malonda amenewa, ndipo ine ndimagwirizana nalo, chifukwa wogula kamodzi chifukwa cha chisoni amachititsa kuti mawa pamsewu pomwepo pabwere kena. Ngati kanu kanabwera motero, njira zogoneka panja sizikukukhudzani n'komwe: kagalu ka masabata asanu kayenera kugona m'nyumba pamalo otentha, kudyetsedwa pafupipafupi, ndi kuonedwa ndi dokotala m'masiku oyambirira.

Njira imene mabanja ambiri amayamba nayo ndi yoika kagalu panja, m'khola kapena pakhonde, n'kukasiya kalire mpaka katope. Ili ndi zifukwa zake zomveka ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Kwa ambiri a ife galu ndi mlonda wa pakhomo, malo ake ndi panja, ndipo pali makolo amene sangalole galu kuponda m'nyumba ngakhale tsiku limodzi, ena chifukwa cha ukhondo, ena chifukwa cha chipembedzo kapena mmene analeredwera. Palinso eni nyumba za lendi amene amaneneratu kuti chiweto m'nyumba ayi. Ubwino wa njirayi ndi woti kagalu kamazolowera kuyambira pachiyambi malo amene kadzakhale moyo wake wonse, m'nyumba simununkha mkodzo, ndipo n'zoona kuti pakatha masiku angapo tambiri timaleka kulira.

Vuto lagona pa zimene kagaluko kamakumana nazo m'masiku angapowo. Lilongwe ali pamalo okwera, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa mbandakucha kumatha kutsika pansi pa madigiri 10. Kagalu kogona kokha pa simenti nyengo imeneyo kamachezera kunjenjemera, ndipo kofooka kangathe kudwala ngakhale kufa kumene. M'dzinja vuto limasintha, chifukwa chiguduli chonyowa kapena dothi lokodzeredwa limakopa ntchentche zimene mazira ake amaswa mphutsi zolowa pakhungu, ndipo tiagalu ndi timene timagwidwa nazo kwambiri pamimba ndi m'miyendo. Kagalu kolira panja kamadziwitsanso aliyense wodutsa kuti kali kokha, ndipo tiagalu timabedwa. Amene amakhala kufupi ndi tchire la m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi akudziwanso kuti afisi amayenda usiku mumzinda muno. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri sichioneka msanga. Kagalu kamene kaleka kulira chifukwa kaona kuti palibe wobwera sikuti kakhazikika mtima. Kuyambira sabata lachitatu mpaka la 12 kapena la 14 ndi nthawi imene galu amaphunzira kukhulupirira anthu, ndipo galu wokula ndi mantha amauwa chilichonse n'kumaluma ana a pakhomo pomwe, pamene mlonda wabwino amayenera kusiyanitsa mwini nyumba, mlendo ndi wakuba.

Ngati palibiretu kuchitira mwina koma panja, khola likhale lokwezedwa ndi matabwa kuti kasagone pa simenti kapena padothi, lofoleredwa bwino, khomo lake litafulatira mphepo, ndipo liikidwe pansi pa windo la chipinda chimene mumagona kuti kagalu kazimva mawu anu, inunso muzikamva. Chingwe kapena unyolo m'khosi usiku ayi, chifukwa kagalu kamadzikulunga nacho n'kubanika.

Njira yachiwiri ili pakatikati: kukatsekera m'khitchini, m'bafa kapena m'kachipinda kosungiramo katundu, pansi patayalidwa nyuzipepala zakale. Apa mphepo, mvula ndi akuba mwathana nazo, ndipo palibe wodzuka usiku. Koma kusungulumwa kudakalipo, ndipo m'chipinda chopanda katundu wambiri kulira kumamveka mokweza koposa. Choipa chachikulu n'chakuti mukukaphunzitsa kuti kukodza ndi kuchita chimbudzi m'nyumba n'kololedwa, ndipo chizolowezi chimenechi chimatenga miyezi kuti chithe. Zipinda zimenezi ndi zomwenso timasungamo zinthu zakupha: mankhwala a makoswe, makamaka temeki, mankhwala ochapira, feteleza, mankhwala othira m'chimanga, anyezi amene ndi oopsa kwa agalu, ndi mawaya a magetsi amene kagalu kamakonda kutafuna. Mbaula ya makala isasiyidwe m'chipinda chotseka ati pofuna kukatenthetsa, pakuti mpweya wa makala umene umapha anthu m'tulo umaphanso kagalu. Njirayi ndimaiona yoyenera munthu amene sangathe kudzuka usiku, monga wodwala kapena wokalamba, malinga achotse zoopsa zonse ndi kulekanitsa pogona ndi pamene pali nyuzipepala, uku kwake uko kwake.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi ya bokosi pambali pa bedi. Imagwira ntchito chifukwa imadalira zinthu ziwiri zimene galu amabadwa nazo: amafuna kugona pafupi ndi a kwawo, ndipo safuna kuipitsa pamene wagona. Kagalu kakamva kupuma kwanu ndi fungo lanu kamagona msanga, ndipo chikhodzodzo chikadzadza sikakodza pomwepo koma kamatakataka ndi kulira pang'ono, zimene zimakupatsani mpata wokatulutsa. Motero ntchito ziwiri, yogona ndi yophunzira kodzithandizira, zimayendera limodzi. Kuti zimenezi zitheke, kukula kwa bokosi n'kofunika kwambiri: likhale lokwanira kuti kagalu kaimirire, katembenuke ndi kugona katatambasula miyendo, basi. Likakulitsa, kamagona mbali ina n'kusandutsa mbali inayo chimbudzi, ndipo phindu lonse latha.

Bokosilo silifuna ndalama zambiri. Katoni yolimba ya kugolosale imakwanira sabata loyamba kapena awiri, ngakhale kuti imanyowa, imatafunidwa, ndipo kagalu kakangokulako kamalumpha. Akalipentala a ku Mchesi angathe kukhoma bokosi la matabwa lokhala ndi mipata yolowera mpweya, ndipo owotcherera zitsulo amapanga la waya lokhala ndi kachitseko. La waya ndi labwino mu Okutobala ndi Novembala pamene m'nyumba za malata mumatentha mpaka pakati pa usiku, ndipo nyengo yozizira mumangolifundika chitenje mbali zitatu. La matabwa limasunga kutentha koma limabisa utitiri m'ming'alu ngati silitsukidwa. Pansi yalani bulangete lakale kapena zovala za kaunjika za ku msika wa Tsoka, zimene simungamve nazo chisoni zikang'ambika. Khalani nazo ziwiri kuti muzisinthanitsa, ndipo mukachapa yanikani pachingwe padzuwa, osati pansi, chifukwa cha mphutsi zija.

Usiku umayenda motere. Cha m'ma 10 koloko, musanagone, katulutseni ndipo dikirani mpaka kakodze, ngakhale zitenge mphindi 10. Kaikeni m'bokosi, zimitsani nyali. Kakayamba kulira pamene mukudziwa kuti kangodzithandiza kumene, tsitsani dzanja kuti kalinunkhize, nenani mawu amodzi kapena awiri motsitsa, koma musakatulutse ndipo musasewere nako. Kenako ikani alamu ya pafoni cha m'ma 2 koloko. Mfundo ya alamuyi ambiri amaiphonya: ndi bwino kuti inu mukadzutse kasanayambe kulira, kusiyana n'kuti kazikudzutsani, chifukwa kakaona kuti kulira ndiko kumatsegula bokosi kadzalira usiku uliwonse. Kanyamuleni m'manja kuti kasakodzere m'njira, kafikitseni pamalo amodzi omwewo tsiku lililonse, kapatseni mphindi zisanu, kayamikeni motsitsa kakamaliza, n'kukabweza. Musayatse nyali zonse, musakapatse chakudya, ndipo ulendowu ukhale wopanda chosangalatsa chilichonse kuti kasauyembekeze ngati nthawi ya masewera. Pakapita masiku awiri kapena atatu bokosi likucha louma, sunthani alamu ndi mphindi 15, n'kumapitiriza choncho mpaka itakumana ndi nthawi yanu yodzukira. Kakakodzera m'bokosi ndiye kuti mwafulumira. Bwererani pa nthawi yakale. Kukamenya kapena kukanunkhiza mkodzo wake sikuphunzitsa kanthu, kumangokachititsa kuti kazikabisala pofuna kukodza.

Sindibisa kuti njirayi ndi yolemetsa kuposa zonse. Pafunika munthu wamkulu wodzuka pakati pa usiku kwa masabata anayi mpaka 8, ndipo ntchito imeneyi isagwere mwana wa sukulu ngakhale atakhala kuti ndi iye analirira kagaluko. Walira mvula walira matope, ndipo banja liyenera kukambirana za matopewa kagalu kasanabwere, n'kugawana masiku ngati kungatheke. Palinso nkhani ya chitetezo, pakuti kutsegula chitseko 2 koloko ya usiku si chinthu chopepuka m'madera ena a mzinda uno. Sankhani malo apafupi ndi khomo la kuseri, mkati mwa mpanda, ndipo tengani tochi, makamaka m'dzinja pamene njoka zimayenda. Malowo akhale oti agalu achilendo safikapo, chifukwa kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo kamapha tiagalu timene sitinamalize katemera.

Anthu ambiri amandifunsa ngati kagalu kogona kuchipinda sikadzakhala galu waulesi wosadziwa kulonda. Zimene ndaona n'zakuti galu amateteza anthu amene amawaona ngati ake, ndipo masabata ochepa a kuchipinda salepheretsa kudzagona panja. Kumene kuchipinda sikuloledwa, bokosi lingakhale m'khonde la mkati pafupi ndi chitseko chosatsekedwa, kapena munthu mmodzi ayale mkeka kapena matiresi pabalaza n'kugona pafupi nalo sabata loyamba. Chofunika ndi kuyandikana, osati chipinda chenichenicho.

Kugona nako pabedi kumathetsa kulira usiku womwewo, n'chifukwa chake ana amakonda njirayi, koma ine sindiilangiza. Tiagalu tambiri timabadwa ndi njoka za m'mimba zochokera kwa make, ndipo mazira ake angathe kudwalitsa ana a anthu. Utitiri, nkhupakupa ndi chipere zimasamukanso mosavuta. Kagalu kamakodza pamatiresi, kangathe kupsinjidwa kapena kugwa n'kuthyoka mwendo. Kuno kwathu palinso chifukwa china chachikulu: zikhadabo ndi mano ake zimaboola masikito neti, ndipo banja lisalowetse malungo m'nyumba chifukwa chofuna kutontholetsa kagalu. Komanso chimene mwalola pa kagalu ka makilogalamu atatu mudzavutika kuchiletsa galu akadzafika makilogalamu 25.

Pakhomo pamene pali kale galu wamkulu wofatsa, wolandira katemera, makamaka wamkazi amene anaberekapo, kagalu kangapeze mnzake wokatenthetsa, ndipo apa njira ya panja imapepukako. Komabe asagone limodzi osayang'aniridwa mpaka mwaona masana angapo kuti wamkuluyo wakalandira; poyamba pakhale waya pakati pawo kuti azinunkhizana osakhudzana, ndipo chakudya azidyera kosiyana. Kutenga tiagalu tiwiri nthawi imodzi kumachepetsadi kulira, koma chakudya, katemera ndi mankhwala zimawirikiza, ndipo tiwirito timakondana tokha mpaka kuvuta kumvera munthu. Nyumba zimene zili ndi alonda a usiku zili ndi mwayi wina, chifukwa munthu wochezera maso alipo kale ndipo bokosi lingakhale pamalo otetezeka pafupi ndi iwo. Koma iyi ndi ntchito yowonjezera pa imene analembedwera, ndiye apempheni mwaulemu, gwirizanani za kangachepe, ndipo afotokozereni nthawi yotulutsira kagaluko. Alonda ena sakonda agalu, ndipo si bwino kuwakakamiza.

Pali tinthu tothandizira timene anthu amatamanda, ndipo mphamvu yake si yofanana. Kansalu kamene kagona ndi make kwa masiku angapo kamathandizadi usiku woyamba ndi wachiwiri, ndiye pitani nako kwa mwini galu musanakatenge kagaluko. Botolo la madzi ofunda, osati owira, lotsekedwa bwino ndi kukulungidwa m'thaulo, ndi lothandiza kwambiri mu Juni ndi Julayi, komanso silidalira magetsi. Wailesi yotsegulidwa motsitsa kapena wotchi yogunda zimathandiza tiagalu tina, tina ayi, ndipo sizilowa m'malo mwa munthu. Mankhwala ndiye nkhani ina. Musakapatse mapiritsi ogonetsa, mowa, kapena mankhwala a anthu opha ululu monga Panado ndi Brufen, chifukwa mlingo umene munthu amauona wochepa ungathe kuwononga chiwindi, impso kapena m'mimba mwa kagalu.

Njira iliyonse imene mwasankha, usiku umakonzedwa masana. Kagalu ka masabata 8 mpaka 12 kamadya kanayi patsiku, kuyambira miyezi itatu mpaka 6 katatu, ndipo chakudya chomaliza chikhale pafupifupi maola atatu musanagone kuti kachite chimbudzi kasanalowe m'bokosi. Mabanja ambiri amakapatsa mkute kapena makombo a nsima ya usiku cha m'ma 9 koloko, kenako n'kudabwa kuti kakudzuka pakati pa usiku. Nsima kapena phala la mgaiwa lokha silikwanira kagalu kamene kakukula. Sakanizani ndi usipa kapena bonya wophika wopanda mchere wambiri, dzira lophika kapena nyama, ngati simungathe kugula chakudya chopangidwira tiagalu. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri, ndipo mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kubaya matumbo. Madzi musakamane, makamaka nyengo yotentha. Ndi bwino kudzuka kawiri kusiyana n'kukasowetsa madzi. Kagalu kamafuna kugona maola 18 mpaka 20 patsiku, ndipo ana akakaseweretsa tsiku lonse pofuna kuti katope kamafika usiku kali kolusa ndi kosakhazikika, monga amachitira khanda limene laphonya tulo ta masana. Chabwino ndi masewera afupiafupi, kugona masana m'bokosi lomwelo chitseko chili chotsegula kuti kalizolowere, ndi masewera omaliza madzulo otsatiridwa ndi ola la bata.

Kulira kwina sikufuna bokosi koma dokotala. Kagalu kotupa mimba, kowonda ndi ka ubweya wosasalala kawirikawiri kamakhala ndi njoka za m'mimba, ndipo mankhwala ake amaperekedwa masabata awiri aliwonse mpaka kakwanitse masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Kodzikanda usiku wonse kayang'aneni utitiri pamimba ndi kumchira, koma musakathire dibi wa ng'ombe kapena mankhwala ophera tizilombo m'nyumba. Funsani mankhwala oyenera msinkhu wake. Kakamasanza, kutsegula m'mimba mwa magazi, kukana chakudya kapena kungofooka, musadikire kuti kuche kawiri, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa parvo imatha kupha m'masiku ochepa. Katemera woyamba amabayidwa pa masabata 6 mpaka 8 n'kubwerezedwa masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka cha pa masabata 16, ndipo wa chiwewe amabayidwa kakafika miyezi itatu. Cha pa miyezi inayi mano a ubwana amayamba kugwa, ndipo kagalu kamene kanali katazolowera kugona kangayambenso kutakataka. Kapatseni chinthu cholimba chosaduka chotafuna ndipo pitirizani dongosolo lomwelo.

Kwa amene akufuna kuti galu wawo adzagone panja, kusamutsa kumayamba kagalu kakatha sabata lathunthu kakugona mpaka m'mawa bokosi lili louma, ndipo katemera atatha. Sunthani bokosi pang'onopang'ono: masiku atatu pakhomo la chipinda, masiku atatu pabalaza, kenako pafupi ndi khomo la kuseri, kenako pakhonde lotetezeka. Nthawi yonseyi muzikadyetsera m'khola masana, chitseko chili chotsegula, kuti kaziliona ngati malo ake. Tsiku losamukira m'khola, bulangete lake lakale lipite nako lisanachapidwe, ndipo ngati tsikulo lagwera pakati pa Juni kapena mkati mwa sabata la mvula yosakata, dikirani kaye mpaka nyengo isinthe.